FUNGO LA UTSI NDI LA MITENGO M'NYENGO YACHISANU



Wailesi imatha kukufikitsirani mawu a munthu, nyimbo ndi kulira kwa ng'oma, koma fungo siingathe kulinyamula. Ine lero ndabwera ndi nkhani ya fungo, ndipo sindikuda nkhawa, pakuti m'chinenero chathu khutu ndi mphuno zili ndi mneni mmodzi: timamva mawu, timamvanso fungo. Anthu a ku Japan ali ndi mwambo wakale wotchedwa kodo, wofukiza timitengo tonunkhira, ndipo iwonso pamwambopo sanena kuti akununkhiza. Amati akumvetsera. Tsono inunso mumvetsere.

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta Thyolo ndi Mulanje, chisanu chikamawaula mbewu m'madimba a ku Dedza, tonse timasendera kufupi ndi moto. Kukacha juzi ndi bulangete zimakhala zitagwira utsi, ndipo mwana wopita kusukulu nthawi zina amachita manyazi anzake akamunena kuti akununkha utsi. Komatu m'masitolo akuluakulu a ku Paris, London ndi New York, nyengo yozizira ya kumeneko ikayamba cha mu Novembala, amayala mabotolo a mafuta onunkhira opangidwa dala kuti amveke ngati utsi wa nkhuni, ngati thabwa longocheka kumene, ngati chikopa chofufuta, ndipo anthu amawagula pa ndalama zambiri zedi. Chimene kwa mwana uja ndi kununkha, kwa iwo ndi kununkhira. Kodi m'mabotolo amenewa muli chiyani? Nanga n'chifukwa ninji amawasungira nyengo yachisanu?

Tiyambe ndi dzina. Liwu lakuti perefyumu tinalitenga ku Chingerezi, koma gwero lake ndi mawu awiri a Chilatini, per fumum, kutanthauza kuti "kudzera mu utsi". Kale kwambiri, kusanabwere mabotolo opopera, munthu wofuna fungo labwino ankaika utomoni wouma kapena kamtengo pa khala la moto, utsi n'kumakwera. Zaka pafupifupi 3,500 zapitazo mfumu yaikazi ya ku Egypt, Hatshepsut, inatuma zombo ku dziko la Punt kukafuna zofukiza, ndipo pa zipupa za kachisi wake ku Deir el-Bahari pali zithunzi za amuna atanyamula mitengo yamoyo, mizu yake ili m'madengu, kuti akaibzale kwawo. Motero fungo la utsi m'mafuta a makono si lachilendo ayi. Ndi kumene zonunkhira zinayambira.

Mwa zofukiza zakalezo, chimene ife timachidziwa bwino ndi lubani. Timamumva m'mizikiti ndi m'matchalitchi ena, ndipo amagulitsidwa m'timapepala m'misika yathu. Dzinali ndi la Chiarabu, luban, ndipo ndi lapachibale ndi mawu awo onena za mkaka ndi kuyera, chifukwa utomoni wake umatuluka woyera ngati mkaka. Mtengo wake, wotchedwa Boswellia, ndi waufupi ndi wopindikapindika, umamera pamiyala m'maiko ouma a Oman, Yemen, Somalia, Ethiopia, Eritrea ndi Sudan. Wokolola amapala khungwa pang'ono ndi kachitsulo, n'kuchoka. Pakapita masabata awiri kapena kuposerapo amabwerako kudzakanganula timibulu touma, n'kutsegulanso balalo kuti utomoni wina utuluke. Mtengo wotere umafunika kupuma zaka zina osapalidwa. Koma ogula akachuluka, ndani angaupumitse? M'chaka cha 2019 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Frans Bongers wa pa Wageningen University ku Netherlands linafalitsa zimene linapeza pa mtundu umodzi wa mitengoyi, Boswellia papyrifera, umene umapereka lubani wambiri wa pamsika. M'malo oposa atatu mwa anayi alionse amene anawayendera munalibe mitengo yaing'ono. Moto wolusa ndi ziweto zinkatha mphukira, pamene ikuluikulu inkafooka ndi mabala ochuluka. Iwo anachenjeza kuti zinthu zikapanda kusintha, lubani wa mtundu umenewu adzachepa ndi theka m'zaka 20. Mukumbukire nkhani imeneyi, chifukwa tikumana nayonso pa mtengo uliwonse umene nditchule.

Tsopano funso lija la chisanu. Mphuno imamva fungo pokhapokha tizigawo ting'onoting'ono, tosaoneka ndi maso, tikachoka pa chinthu n'kuuluka mumpweya, ndipo kutentha ndiko kumatiulutsa msanga. Mayi aliyense amadziwa zimenezi: ndiwo zikamabwata zimamveka mpaka kuseri kwa nyumba, koma zikazizira muyenera kuvundukula mphika ndi kuyandikizapo mphuno. Mafuta a m'botolo ndi msanganizo wa zinthu zambiri zosungunulidwa m'sipiriti, zina zopepuka, zina zolemera. Zopepuka, monga za makoko a ndimu ndi malalanje, zimamveka poyamba ndipo ola lisanathe zimakhala zitapita. Za maluwa zimakhalako maola angapo. Za mitengo, mizu ndi utomoni ndizo zolemera, zimatsala pakhungu mpaka madzulo, ndipo pa nsalu zimatha kugona masiku.

Ndiye taganizani munthu atadzithira mafuta olemerawa m'mwezi wa Okutobala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, n'kukwera basi yodzaza. Dzuwa limawaulutsa onse nthawi imodzi, amasakanikirana ndi thukuta, ndipo okhala naye pafupi amayamba kutsegula mawindo, ena mutu kuwawawa. Ine ndinakhalapo pampando wotere, ndipo ulendowo sindiuiwala. Koma m'chisanu mpweya suwanyamula mwamphamvu choncho. Chimene chimawadzutsa ndi kufunda kwa thupi lokha, pansi pa juzi, motero amatuluka pang'onopang'ono, ndipo ubweya wa juziyo umawasunga. Fungo la ndimu, limene limatsitsimula m'chilimwe, m'chisanu limamveka lopanda thupi, ngati likuwonjezera kuzizira.

Kunena zoona, theka la nkhaniyi lili m'mutu mwa munthu. Njira ya fungo muubongo imadutsa pafupi kwambiri ndi mbali zimene zimasunga zikumbukiro ndi mmene mtima ukumvera, n'chifukwa chake kafungo kamodzi kamatha kukubwezerani kukhitchini kwa agogo anu. Utsi umakumbutsa moto, ndipo wokumbukira moto amamva ngati wafunda. Sikuti pali lamulo lakuti mafuta a mitengo ndi a chisanu chokha. Aluya a ku Saudi Arabia, Oman ndi Dubai amadzifukiza ndi mitengo yolemera fungo m'dziko lotentha kuposa Chigwa cha Shire. Kugawa zonunkhira potsata nyengo ndi chizolowezi cha maiko ozizira, ndipo amalonda amachilimbikitsa chifukwa munthu wa mabotolo awiri amawapindulira kuposa wa botolo limodzi.

Mtengo umene Aluyawo amafukiza ndiwo mfumu ya zonunkhira zonsezi. Iwo amautcha oud, ndipo anzathu olankhula Chiswahili ku Zanzibar ndi Mombasa amati udi, dzina limene nditsate pano. Udi suchokera ku Arabia ayi. Umachokera ku mitengo ya mtundu wa Aquilaria, yomera m'nkhalango za mvula yambiri ku Assam m'dziko la India, ku Bangladesh, Vietnam, Laos, Cambodia, Malaysia ndi Indonesia. Chodabwitsa n'chakuti mtengo wathanzi ulibe fungo. Thabwa lake ndi loyera, lopepuka, losathandiza kwenikweni. Koma ukavulazidwa ndi mphepo, mphenzi kapena tizilombo toboola, ndipo chuku chikalowa pabalapo, mtengowo umadziteteza potulutsa utomoni wakuda umene umalowerera m'kati mwa thabwa. Zaka zikamapita, mbali yodwalayo imada, imalemera, mpaka ina imamira m'madzi, ndipo dzina lake m'Chitchaina limatanthauza chofukiza chomira. Chimene anthu amalimbirana, tsono, ndi chipsera cha mtengo wodwala.

Buku lakale la mbiri ya Japan, Nihon Shoki, limasimba kuti m'chaka cha 595 chipika cha mtengo umenewu chinakokoloka ndi nyanja n'kufika pa chilumba cha Awaji. Anthu a pachilumbapo, osadziwa, anachisonkheza pamoto ngati nkhuni wamba, ndipo fungo litafalikira anachiphula msanga n'kukachipereka kwa mfumu. Mpaka lero m'nyumba yosungiramo chuma chakale ya Shosoin, mumzinda wa Nara, muli chipika china chotchedwa Ranjatai, chotalika mamita 1.56, cholemera makilogalamu 11.6. Pachipikacho pali timapepala tosonyeza pamene akuluakulu anadulapo tizidutswa. Mmodzi mwa iwo ndi mtsogoleri wankhondo Oda Nobunaga, amene anadulapo m'chaka cha 1574, ndipo kudulako kunali kuonetsa dziko lonse kuti mphamvu zili ndi iye. Udi wapamwamba kwambiri, umene Ajapani amautcha kyara, umaposa golide pa mtengo mukaziyeza pa sikelo imodzi.

Kwa Aluya udi ndi ulemu wa mlendo. Chakudya ndi khofi zikatha, mwini nyumba amayendetsa chofukizira chotchedwa mabkhara, mlendo aliyense n'kukupizira utsiwo ku zovala ndi ndevu zake, ndipo alendo ozindikira amadziwa kuti nthawi yotsanzika yakwana. Mafuta ake amawapeza motere: amasema tizidutswa, n'kutinyika m'madzi masiku ambiri, kenaka n'kutiwiritsa mumphika wotseka. Nthunzi imadutsa mumpope wozizira n'kusandukanso madzi, mafuta n'kuyandama pamwamba. Amene munaonapo mmene amatchezera kachasu mwaimva kale njirayi. Timafuta timene timatuluka ndi tochepa kwambiri, ndipo amatigulitsa pa muyeso wa ku India wotchedwa tola, wongopitirira pang'ono magalamu 11. Ndikuchenjezeni kuti wonunkhiza udi weniweni wa ku Assam koyamba amatha kukwinya nkhope, chifukwa umayamba ndi fungo longa la khola la ng'ombe. Kukoma kwake, konga uchi ndi thabwa lakale, kumabwera pambuyo.

Vuto ndi ili. M'nkhalango, mwa mitengo khumi, kawirikawiri ngakhale umodzi sukhala ndi udi, ndipo kunja kwa mtengo sikuonetsa bwino za m'kati. Osaka ankangogwetsa uliwonse kuti aone. Mitengo inatha m'madera ambiri, kotero kuti m'chaka cha 1995 mtundu wa Aquilaria malaccensis unalembedwa m'pangano la maiko la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi, ndipo mu 2004 maiko anagwirizana kulembamo mitundu yonse ya Aquilaria. Masiku ano alimi a ku Assam, Bangladesh, Thailand ndi Vietnam amabzala mitengoyi m'minda, ndipo ikakula amaivulaza dala. Ku Sylhet, m'dziko la Bangladesh, amakhomera misomali yambirimbiri thunthu lonse, kwina amaboola timabowo n'kuthiramo chuku. Udi wa m'munda sufika pa wa m'nkhalango, amatero odziwa, koma ndi umene ukupatsa mpata mitengo yotsala. M'mafuta a m'mabotolo a ku Ulaya fungoli linatchuka mochedwa. Kampani ya Yves Saint Laurent inatulutsa mafuta otchedwa M7 m'chaka cha 2002, kenaka Tom Ford anatulutsa Oud Wood mu 2007, ndipo kuyambira pamenepo dzina lakuti oud linadzaza pa mabotolo, odula ndi otchipa omwe.

Mtengo wachiwiri ndi sandalwood, wa fungo lofatsa, losalala ngati mkaka wofunda, lopanda ukali wa utsi. Wotchuka ndi wa ku Mysore, kum'mwera kwa India. Alimi mudzaumvetsa msanga ndikati khalidwe lake ndi la kaufiti: mizu yake imakakamira ku mizu ya zomera zina n'kumayamwako madzi ndi chakudya, ndipo pawokha sukula bwino. Mafuta ake ali mumtima mwa thunthu ndi m'mizu, motero pokolola sadula, amazula mtengo wonse, ndipo mtima wonunkhirawo umatenga zaka zambiri kuti ukhwime. M'chaka cha 1792 Tipu Sultan, wolamulira Mysore, analengeza kuti mtengowu ndi wa mfumu, ndipo maboma amene anabwera pambuyo pake anasunga lamulolo: ngakhale utamera pakhomo panu, sunali wanu. Zotsatira zake mungaziganizire nokha. Munthu sasamala mtengo umene ungamubweretsere mlandu osamubweretsera ndalama, kotero ambiri ankazula mphukira zikangooneka, pamene mbava zinkatha ikuluikulu m'nkhalango. Mbava yotchuka, Veerappan, inazunza chigawocho zaka zambiri kufikira apolisi anaipha mu 2004. Chigawo cha Karnataka chinafewetsa lamulolo mu 2001, cha Tamil Nadu mu 2002, kuti alimi azibzala ndi kupindula. Pofika nthawiyo minda ya sandalwood wa ku India inali itayamba kale kubzalidwa kutali, ku Kununurra kumpoto kwa Western Australia, kumene amakolola mitengo ya zaka pafupifupi 15. Njala ya mtengowu inafikanso kuno ku Africa. Wachibale wake wa m'tchire, Osyris lanceolata, anazulidwa kwambiri ku Kenya ndi Tanzania, mpaka mu 2013 wa m'maiko a kum'mawa kwa Africa analembedwa nayenso m'pangano lija la CITES.

Nanga utsi weniweniwo amaulowetsa bwanji m'botolo? Owotcha makala akudziwa kuti nkhuni zikapsa mopanda mpweya wokwanira zimatulutsa madzi akuda omata, onga phula. Kumpoto kwa Ulaya ndi ku Russia kuli mtengo wa khungwa loyera wotchedwa birch, ndipo khungwa lake akaliwotcha motsekera limatulutsa phula lotere. Ofufuta zikopa a ku Russia ankalipaka pa zikopa zawo kuti zisalowe madzi ndi kufumbwa, ndipo zikopazo zinatchuka ndi fungo lake. Mu Disembala 1786 chombo chotchedwa Metta Catharina, chitanyamula zikopa zotere kuchokera ku St Petersburg, chinamira pafupi ndi Plymouth ku England. Osambira pansi pa nyanja anachipeza mu 1973, ndipo zikopa zambiri zinali zikadali zolimba, fungo lake likumvekabe, moti amisiri anasokera nsapato ndi zikwama. M'zaka za m'ma 1920 katswiri wa zonunkhira Ernest Beaux, wobadwira ku Moscow, yemwe uja anapanga Chanel No. 5, anapangira kampani ya Chanel mafuta otchedwa Cuir de Russie, kutanthauza chikopa cha ku Russia, ndipo mtima wake unali phula la birch. Kum'mwera kwa France, ku Spain ndi ku Morocco amawotcha chimodzimodzi mtengo wotchedwa cade. Chimodzi mwa zinthu zimene zimapereka fungo la utsi m'phula limeneli akatswiri amachitcha guaiacol, ndipo n'chomwechonso mumamva pa nsomba zowamba ndi pa khofi wokazinga. Phula losayenga lili ndi zinthu zoyambitsa khansa, choncho bungwe la opanga zonunkhira la IFRA limalola loyengedwa lokha. Ndanena izi kuti wina asaganize zodzola madzi akuda a pa uvuni wa makala.

Chinthu china chimene chimapezeka m'mafuta ambiri a abambo chili m'minda mwathu momwemu. Ndi udzu wa vetiva, umene alangizi a zaulimi anatiphunzitsa kubzala m'mizere ya akalozera kuti nthaka isakokoloke. Masamba ake alibe fungo, koma mizu yake, imene imalowa pansi mamita awiri kapena atatu, ili ndi mafuta onunkhira ngati dothi lonyowa, nkhuni ndi kautsi pang'ono. Kwawo kwa udzuwu ndi ku India, kumene amautcha khus ndipo amaluka mizu yake kukhala mphasa zopachika pakhomo, n'kumazithira madzi m'chilimwe kuti mphepo yolowa izizizira. Onani, fungo lomwelo kwina ndi la chisanu, kwina ndi la chilimwe. Dziko limene limatsogola pogulitsa mafuta a vetiva ndi Haiti, makamaka chigawo cha Les Cayes, ndipo wa ku Java m'dziko la Indonesia ndiye amadziwika ndi utsi wambiri. Mwina wina wayamba kale kuganiza zotenga khasu. Musafulumire. Kuti mupeze mafuta muyenera kukumba mizu yonse, ndipo ku Haiti komweko kukumba vetiva m'mapiri kwasiya malo ena nthaka itakokoloka. Udzu wa pa kalozera ntchito yake ndi kugwira dothi, ndipo wofuna wa malonda aubzale pamalo akeake athyathyathya.

Za mkungudza ndinena mwachidule, ngakhale ndi zimene zimandikhudza kwambiri. Opanga zonunkhira amagwiritsa ntchito mkungudza wa m'mapiri a Atlas ku Morocco, ndi wina wa ku Virginia ndi Texas ku America, umene fungo lake mumalidziwa mukamasongola pensulo yabwino. Mafuta otchedwa Féminité du Bois, a mu 1992, anatchuka chifukwa choika fungo la mkungudza patsogolo m'mafuta a amayi, pamene kale anthu ankati fungo la thabwa ndi la abambo. Ife tili ndi wathu, mkungudza wa pa Phiri la Mulanje, Widdringtonia whytei, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984. Amene munatsegulapo kabokosi kosema ndi thabwa lake mukudziwa kuti fungolo limakhala zaka osatha, ndipo chiswe sichiyandikira. Wathuyu sanathe chifukwa cha mabotolo a ku Paris. Anatha ndi macheka a ofuna matabwa ndiponso moto. Kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse. Pakati pa 2016 ndi 2019 bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi akatswiri a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phirilo, linabzala mbande zoposa 500,000, koma mbande zimenezo kuti zidzafike pa msinkhu wa imene inagwetsedwa, ambiri a ife sitidzakhalapo.

Mwina mwayamba kufunsa kuti, ngati mitengoyi ndi yosowa chotere, nanga mabotolo onsewa olembedwa oud ndi sandalwood, mpaka a pa tebulo la mumsika, akudzazidwa ndi chiyani? Yankho n'lakuti ambiri mulibe ngakhale dontho la mtengo wolembedwawo. Fungo lake limapangidwa ndi akatswiri a mankhwala m'mafakitale. M'chaka cha 1973 kampani ya ku America ya International Flavors and Fragrances inapanga chinthu chotchedwa Iso E Super, chonunkhira ngati mkungudza wofewa, ndipo lero chili m'mafuta osawerengeka, m'sopo ndi m'zochapira zomwe. Kampani ya Givaudan ya ku Switzerland inapanga Javanol, yotsanzira sandalwood, yamphamvu kotero kuti kadontho kake kamakwanira. Ena amaona ngati uku ndi kunyenga. Ine sindiona choncho. Anthu onse ofuna fungo la udi akanati apatsidwe weniweni, nkhalango za ku Borneo zikanatha kalekale. Chinyengo chimakhalapo pamene wogulitsa akulumbira kuti kabotolo kotchipa ndi udi weniweni wa m'nkhalango, n'kukweza mtengo pa chifukwa chimenecho. Pamenepo musamukhulupirire, ndipo golide wopakidwa pa chitsekerero asakukopeni, pajatu chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kwa amene mumafukiza lubani kapena udi m'nyumba nyengo ino, mawu awiri. Khala limodzi ndi kambulu kamodzi n'zokwanira, ndipo zenera likhale lotsegula. Musagone ndi mbaula yoyaka m'chipinda chotseka, kaya pali lubani kaya palibe, chifukwa makala amatulutsa mpweya wakupha umene ulibe fungo konse, ndipo kununkhira kwa lubani sikuuchotsa. Pamene pali khanda kapena wodwala mphumu, utsi uliwonse, ngakhale wokoma chotani, umamupweteka.

Kwa ogula za m'botolo, mafuta a mitengo ndi utsi safuna dzanja lolemera. Kupopera kamodzi kapena kawiri pachifuwa, pansi pa malaya, kumakwanira tsiku lonse. Amene ali amafuta enieni, osati a sipiriti, amadetsa nsalu yoyera, choncho apakeni pakhungu. Botolo lisakhale pazenera, pakuti dzuwa ndi kutentha zimasandutsa fungo. Likhale m'bokosi lake, m'kabati. Ndipo musagule chifukwa cha zimene mwamva pa chitsekerero m'sitolo, poti zimenezo ndi zopepuka zija zimene zimatha ola lisanakwane. Pemphani kuti akuthireni pang'ono padzanja, tulukani, kagwireni ntchito zanu zonse, kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo, povula juzi, nunkhizaninso padzanja paja. Mtengo ndi utsi zidzakhala zitatsala zokha, ndipo pamenepo mudzadziwa ngati mawa mubwerere kusitoloko kapena ayi.